Ngati Lincoln sankafuna kumasula akapolo, nanga akummwera ankathawa chani?

Achemwali ena anditumizira imelo, akuti akuwerenga paokha mbiri ya America ndipo pali pomwe pawaimitsa mutu. Alemba kuti: "Ndapeza kuti Abraham Lincoln popanga kampeni mu 1860 ankanena poyera kuti sadzakhudza ukapolo m'ma state omwe unalipo kale. Nde akummwera anagalukiranji atangowina? Nkhondo ya pachiweniweni ija inalidi ya ukapolo kapena anthu amangokokomeza?"

Achemwali, zomwe mwapezazo nzoona, Lincoln ankaterodi, mpaka anabwerezanso tsiku lomulumbiritsa kukhala pulezidenti pa 4 Malichi 1861. Koma mkangano wa zaka zimenezo sunali pa akapolo a ku Georgia kapena Alabama. Unali pa malo akumadzulo omwe anali asanakhale ma state, kuti kodi munthu angasamukireko ndi akapolo ake kapena ayi. Apo mpomwe Lincoln anakanitsitsa, ndipo eni akapolo ankadziwa bwino lomwe kuti kukana kumeneko kuwapweteka.

Ku America state iliyonse, ikule ichepe, imatumiza maseneta awiri ku Senate. Pofika 1819 ma state a ukapolo anali 11, opanda ukapolo 11. Kumpoto anthu ankachuluka mwachangu, nde ku nyumba inayo ya House of Representatives komwe mipando imatengera chiwerengero cha anthu akummwera ankangotsalirabe, ngakhale malamulo ankawalola kuwerenga akapolo asanu ngati anthu atatu (tangoganizani, munthu savota koma mutu wake ukuwonjezera mipando kwa yemwe akumukwapula). Podalira pawo panatsala pa Senate basi, ndiye state yatsopano iliyonse inali mavoti awiri opita uku kapena uko. Missouri itafuna kulowa ndi akapolo kunabuka phokoso, mu 1820 anagwirizana kuti ilowe, Maine ilowenso yopanda ukapolo kuti zifanane, kenako anajambula mzere pa 36°30' m'malo omwe anagula kwa France mu 1803, kuti kumtunda kwa mzerewo ukapolo usafikeko.

Kwinako ndi ndalama. Kalembera wa 1860 anapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo kwa eni ake anthu amenewa anali chuma, ankagulitsidwa, kusiyidwa pa chuma chamasiye, kuperekedwa ngati chikole kubanki. Kuitanitsa akapolo kunja kunaletsedwa mu 1808, nde ma state akale ngati Virginia ndi Maryland komwe nthaka inali itatopa ndi fodya anasanduka ogulitsa anthu ku minda ya thonje ya ku Mississippi, Louisiana ndi Texas. Malo atsopano akatseguka msika umakula, mtengo wa kapolo umakwera. Mukatseka malowo ndiye kuti mwagwetsa mtengo wa chuma cha munthu ngakhale simunamulande kapolo ndi mmodzi yemwe. Pajatu thonje lomweli ndi lomwe linkadyetsa mafakitale a ku Britain, ndipo David Livingstone pomwe ankakwera Shire mu 1859 chimodzi mwa zomwe ankalakalaka chinali choti kuno kuzilimidwa thonje lopikisana ndi la akapolo a ku America.

Mzere wa 1820 uja unagwira ntchito mpaka America itamenyana ndi Mexico kuyambira 1846 mpaka 1848 nkutenga malo aakulu zedi, California ali momwemo, malo omwe mzerewo sunkawakhudza. Phungu wa ku Pennsylvania, David Wilmot, anabweretsa ganizo loti m'malo onsewo musakhale ukapolo, ku House linadutsa koma ku Senate linafera komweko. Mu 1850 anasokererasokerera mgwirizano wina, California inalowa yopanda ukapolo koma akummwera anapatsidwa lamulo lankhanza logwira akapolo othawa. Woweruza nkhaniyo ankalandira madola 10 akagamula kuti munthuyo abwezedwe kwa mwini wake, madola 5 akamumasula, inuyo muone nokha komwe chigamulo chinkapendekera. Mu 1854 anthu a ku Boston anaonerera asilikali akuperekeza kapolo wothawa Anthony Burns kukakwera sitima yobwerera ku Virginia, ndipo ambiri omwe ankati ukapolo ndi nkhani ya kutali anayamba kuuona pakhomo pawo.

Koma chomwe chinaswa zonse kwa ine ndi cha Stephen Douglas, seneta wa ku Illinois. Mkuluyu ankafuna madera a Kansas ndi Nebraska atsegulidwe ndipo ankafunika mavoti a akummwera, nde mu 1854 anadutsitsa lamulo lofafaniza mzere uja nkunena kuti anthu okhala m'deralo azisankha okha povota. Zomveka bwino eti? Vuto nlakuti ukanena kuti ochuluka ndiwo awine ndiye kuti aliyense athamangira kukachuluka. Otsutsa ukapolo anatumiza anthu awo kukakhazikika ku Kansas, a ku Missouri nawo ankangowoloka malire ndi mfuti tsiku la chisankho, kuvota, kubwerera kwawo, moti pa chisankho cha Malichi 1855 mavoti anaposa kutalitali chiwerengero cha anthu oyenera kuvota. Kansas inakhala ndi maboma awiri, lililonse likuti linalo ndi labodza. Sabata imodzi yokha ya Meyi 1856 okonda ukapolo anaphwanya tauni ya Lawrence ya otsutsa ukapolo ku Kansas, mawa lake phungu Preston Brooks analowa mu Senate momwemo nkumenya seneta Charles Sumner ndi ndodo mpaka kukomoka chifukwa cha zomwe analankhula zokhudza Kansas, patangopita masiku ochepa John Brown wotsutsa ukapolo ndi anyamata ake anapha anthu asanu ku Pottawatomie ku Kansas konko. Sumner anatha zaka zitatu asakugwira bwino ntchito, pomwe Brooks kwawo anthu ankamutumizira ndodo zatsopano ngati mphatso. Chipani cha Republican, chomwe Lincoln anadzaimira mu 1860, chinabadwira mu mkwiyo wa lamulo la Douglas limeneli, mfundo yake yaikulu inali imodzi, ukapolo usapitirire pomwe wafika.

Kenako khothi. Mu 1857 pa mlandu wa Dred Scott, kapolo yemwe anakhalapo ndi mbuye wake m'malo opanda ukapolo, khothi lalikulu motsogozedwa ndi Roger Taney linagamula kuti munthu wakuda sangakhale mzika ya America komanso kuti nyumba ya malamulo ya Congress ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'maderawo. Douglas anayesa kuvomereza chigamulocho kwinaku akunenabe kuti anthu a m'dera angathe kuukana ukapolo, mapanga awiri avumbwitsa, pofika 1860 chipani chake cha Democratic chinang'ambika pakati, akummwera anaimika wawo John Breckinridge.

Musaganizetu kuti akumpoto onse anali oyera mtima. Ofuna kuti ukapolo utheretu nthawi yomweyo anali ochepa. Ambiri ankakana ukapolo kumadzulo chifukwa ankafuna minda ikhale ya azungu osauka, osati kupikisana ndi bwana wokhala ndi antchito osalipidwa, ndipo Wilmot mwini wake ankanena poyera kuti akumenyera mzungu. Oregon polemba malamulo ake mu 1857 inakana ukapolo nkukananso kuti anthu akuda azikhalako. Lincoln ankanenadi kuti ukapolo ndi woipa, koma njira yake inali youtsekera pamalo amodzi kuti m'kupita kwa nthawi ufe wokha, ndipo mawu oti "ufe" amenewo akummwera anawamva bwinobwino.

Nde mu Novembala 1860 Lincoln uja anawina ndi mavoti pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, m'ma state ambiri akummwera dzina lake panalibenso pomwe povota, kutanthauza kuti kumpoto kunali kutafika poti kungasankhe pulezidenti popanda iwo. South Carolina inatuluka mu mgwirizano wa ma state a America pa 20 Disembala, ena asanu ndi mmodzi anatsatira Lincoln asanalumbire nkomwe. Seneta John Crittenden anayesa komaliza kuti mzere wa 36°30' ubwerere ndipo ufike mpaka kunyanja ya Pacific, Lincoln anauza anthu ake kuti pa zina angamvane koma pa kufalikira kwa ukapolo asagonje. Pa funso lanu loti mwina anthu amangokokomeza, ogalukirawo analemba okha zifukwa zawo, chikalata cha Mississippi cha Januwale 1861 chimanena kumayambiriro kwenikweni kuti mbali yawo ndi ya ukapolo, ndipo pa madandaulo omwe anandandalika pali loti akumpoto akukana kulandira ma state atsopano a akapolo. Mfuti zinayamba kulira ku linga la asilikali la Fort Sumter ku South Carolina pa 12 Epulo 1861.