Achemwali, kamphakako musakataye

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kumsika. Ndaona kuti kulemba kundichedwetsa, bola ndingoyankhula. Ndamva uthenga wanu uja, wakuti kamphaka munatenga kwa aneba kaja kakumaluma ana m'mapazi ndi m'manja, ndipo alamu akuti kabwezedwe kapena kakatayidwe kutali. Chonde auzeni alamu ayambe adikira kaye. Kamphakako si kolusa ayi, kakusewera, kungoti palibe amene anakaphunzitsa polekezera.

Mwati munakatenga kali ndi masabata 5, eti? Nkhani yagona pamenepo. Ana amphaka amaphunzira kuluma mofatsa kwa mayi awo ndi kwa abale awo. Mukawayang'ana akugwetsana pamkeka, wina akaluma mopitirira, mnzakeyo amalira n'kuchokapo, masewera n'kuthera pomwepo. Mayi wawo nayenso amawakalipira. Ndi mmene amadziwira kuti mano amapweteka. Ndiye amayenera kukhala ndi mayi wawo masabata osachepera 8, akafika 12 ndiye bwino kwambiri. Koma kwathu kuno, tikangoona kuti ayamba kudya usipa, timati akula, n'kuyamba kugawana. Kanuko kanachotsedwa maphunziro ali mkati. Panopa kakuona ngati ana anuwo ndiye abale ake.

Palinso za mano. Panopa kali ndi mano a mkaka, alipo 26, ang'onoang'ono koma akuthwa ngati singano. Kakafika miyezi 3 kapena 4 ayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 6 kadzakhala ndi mano aakulu 30. Nthawi imeneyo nkhama zimayabwa, kamafuna kutafuna chilichonse. Musadzadabwe kuona kuluma kukuwonjezekera pang'ono kusanathe.

Mphaka wanga uja wa kugolosale mukumukumbukira? Ali wamng'ono, kumzikiti akangoyamba kuitana anthu ku swala ya m'bandakucha, iye anali atadzuka kale. Ankabisala kuseri kwa ndowa, mimba pansi, maso ali tong'o, kumbuyoku akugwedeza pang'onopang'ono. Ine ndikangosuntha phazi mkati mwa neti, basi walumphira chala. Umu ndi mmene mphaka amagwirira khoswe. Amasaka m'mawa kwambiri ndi madzulo dzuwa likamalowa, ndipo chilichonse choyenda mothamanga kwa iye ndi nyama. Inu munakatenga kuti kazigwira makoswe m'nyumbamo, ndiye zimene kakuchitazo ndi kuyeserera ntchito yomweyo.

Tsono chochita ndi ichi, ndipo apa ndikupempha kuti nyumba yonse mugwirizane. Dzanja la munthu lisakhalenso choseweretsa. Ana amakonda kukagwedezera zala kumaso, kapena kukagoneka chagada n'kumakakanda pamimba. Kali kakang'ono zimasangalatsa, koma kakuphunzira kuti zala n'zolumidwa, ndipo kakadzakula mano aakulu aja adzachita zomwezo. Ngati inu mukuletsa koma alamu akuseweretsa ndi dzanja madzulo akaweruka, sikamva.

Kakagwira dzanja, musalikoke msanga. Ndikudziwa kuti thupi limangodzidzimuka lokha, koma mukakoka, kamaganiza kuti khoswe akuthawa, kamakanikiza mano ndi zikhadabo, ndipo ndi pamene khungu limang'ambika. Lisiyeni dzanjalo lingoti zii ngati lakufa. Nenani “ayi” kamodzi ndi mawu olimba. Kakamasula, nyamukani muchokepo, osakayang'ana, mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukuchita zomwe m'bale wake akanachita. Mwanayo akamayenda kakalumphira phazi, aime chilili, asathamange akukuwa, chifukwa kuthamangako kwa mphaka ndi masewera okoma kwambiri.

Koma kuletsa kokha sikukwanira, mphamvuzo ziyenera kupita kwina. Simufunika kugula kanthu. Pezani kansungwi kotalika ngati mkono, mumangirire kansalu, kumapeto kwake nthenga za nkhuku. Muzikokera pansi ngati khoswe akuthawa, kubisa kuseri kwa mpando, kutulutsanso, ndipo muzikalola kugwira nthawi zina kuti kasagwe ulesi. Chitsononkho cha chimanga n'chabwino kugubuduza. Sokosi yakale muikemo nsanza n'kumanga, imeneyo kazikumbatira n'kumaponda ndi miyendo yakumbuyo m'malo mwa mkono wa mwana. Mphindi 10 kapena 15 m'mawa, zinanso madzulo, mukatha mukapatse chakudya. Kagwira, kadya, kadzinyambita, kagona. Ine ndinkatero ndisanatseke golosale, ndipo usiku ndinayamba kugona bwino.

Chimodzi chokha, mukamaliza kusewera kansungwiko muzikabisa. Ndipo ulusi wa ukonde uja alamu amasokera, komanso mbedza, zisamakhale pansi. Mphaka akameza ulusi umakulunga matumbo, ndipo akhoza kufa nawo.

Za kumenya, achemwali, chonde ayi. Kukakwapula ndi tsache, kukathira madzi, kukagogoda pamphuno, zonsezi zimangokapatsa mantha. Mphaka wamantha ndi amene amaluma zenizeni. Ana muwaphunzitse kuona kusiyana. Kakamasewera, makutu amaloza kutsogolo, sikalira, kamaluma n'kusiya n'kubweranso. Koma makutu akagonera kumbuyo, mchira ukumenya pansi, ubweya waima, kakufwenthera ngati njoka, pamenepo kakunena kuti ndisiyeni. Akasiye kapite kokabisala.

Tsopano pali nkhani ina imene sindikufuna muitenge mopepuka. Mwati mwana wamng'ono uja anatuluka magazi pachala dzulo. Kamphakako sikanabayidwe katemera wa chiwewe, ndipo mwina mayi wake nayenso sanabayidwe. Chiwewe kuno chilipo, ndipo si agalu okha, amphaka nawonso amadwala n'kupatsira anthu. Chikangoyamba kuonekera mwa munthu sichichizika. Ndiye bala lililonse la mano kapena zikhadabo limene laboola khungu, muzitsuka pompo ndi sopo ndi madzi ambiri, mphindi 15 zathunthu, osati kungopukuta ndi chitenje. Kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Mwanayo mupite naye lero kuchipatala cha boma, muwafotokozere kuti mphakayo ndi wosabayitsa, iwo ndi amene anene ngati akufunika jakisoni. Komanso mano a mphaka amalowa mkati ngakhale bala likuoneka laling'ono, ndiye chala chikayamba kutupa, kufiira kapena kutentha, musadikire kuti kuche.

Ichi n'chifukwa chinanso chosakatayira. Kafunika kakhale pakhomo mukukayang'anira kwa masiku 10. Kakasintha mwadzidzidzi, kutuluka dovu, kukana kudya, kuluma popanda kusewera kapena kufooka miyendo, musakagwire ndi manja, mukatsekere n'kuuza a vetenale ndi akuchipatala msanga. Mukakataya kutchire simudzadziwa chimene chinakachitikira. Kakakwana miyezi 3 mupite nako ku ofesi ya vetenale kakabayidwe katemera.

Afunseninso aneba aja ngati kanatsala kena ka m'mimba yomweyo. Ngati mungathe kudyetsa awiri, tengani. Azilumana okhaokha, aziphunzitsana okha, ndipo mapazi a ana apuma.

Loweruka ndikubwera chakumeneko, ndidzera pa mlatho ndikatha kuoda katundu. Kansungwi ka nthengako ndibweretsa ine, ndidzawaonetse anawo kaseweretsedwe kake. Mukachoka kuchipatala mundiuze zomwe anena. Apatseni moni alamu.