Yapulasitiki yatsopano kapena yachitsulo yakale? Kuyankha mnyamata wa ku Lizulu

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lizulu amene amaimba gitala m'bandi ya kutchalitchi kwawo. Pedal yake, kabokosi koponda ndi phazi kosinthira mamvekedwe a gitala, yafa chaka chisanathe, ndiye akufunsa ngati agule ina yatsopano yapulasitiki, zija zokhala ndi mamvekedwe ambirimbiri m'bokosi limodzi, kapena atenge yachitsulo ya kampani ya Boss, yakale yokalikakalika, imene wina akumutsatsa. Achimwene, apa mwandigunda pachilonda.

Ndisanafike kumeneko ndikufunseni kaye: pedal yanu ija inafa bwanji? Anthu amati phazi ndi limene limapha pedal. Zimene ndaona ine kuno ku Dedza n'zakuti zambiri zimafa phazi lisanazitopetse n'komwe.

Tinali pa ukwati ku Bembeke mwezi wa Julaye, chifunga chili thoo, zala zitauma moti kugwira chingwe cha gitala kunkawawa. Magetsi kunalibe, tinkadalira jenereta. Nthawi ya perekani-perekani ndinatuluka kukaotha moto kumene amayi ankaphika. Pobwerako ndinangomva kafungo kopserera. Mnyamata wina wothandiza kunyamula zida anaona batire la pedal yanga likufooka, ndipo mwa mtima wake wabwino anatenga adaputa ya dikoda n'kulumikiza. Pulagi yake imalowa bwinobwino, ndipo msampha wake uli pomwepo. Ma pedal ambiri amafuna 9V, ndipo pakati pa pulagi pamayenera kukhala negetivi. Ma adaputa a dikoda ndi a rauta nthawi zambiri amakhala a 12V, pakati pake pali pozitivi. Yang'anani kachizindikiro kali pafupi ndi polowetsera magetsi, kadontho kozunguliridwa ndi kamzere kooneka ngati C, muone ngati chizindikiro chochotsera chikuloza kadonthoko.

Mawa lake ndinapita nayo kwa mdala wina wokonza mawailesi pa boma. Anamasula masikuluwu, n'kuinunkhiza, n'kuloza ka diode kakuda, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kamene kanang'ambika pakati. Anazula kena m'wailesi yakufa imene inali pansi pa tebulo, n'kuwotcherera. Tiyi wanga asanazizire, pedal inali ikulira. Pamenepo m'pamene maganizo anga anakhazikika, ndipo mpaka lero sindinasunthe: chida cholimba kwa ife ndi chimene mdala ngati ameneyu angathe kuchitsegula n'kuchimvetsa. Zamakono zija zonse zimayenda ndi ka chip kamodzi. Kakafa kameneko, ngakhale mupite nayo ku Lilongwe, akakuuzani kuti gulani ina.

Boss inayamba kupanga ma pedal a maonekedwe amenewa mu 1977, ndipo pedal yake yaolenji yotchedwa DS-1 inatuluka mu 1978, mpaka pano ikupangidwabe. Bokosi lake silinasinthe kwenikweni chifukwa panalibe choti asinthe. Ndi lachitsulo. Phazi limaponda chivindikiro chachikulu chokhala ndi labala, pansi pake pali sipuling'i, ndiye kaswitchi kenikeniko kamangolandira kamphamvu kochepa. Timabatani topotokola anatiika kumbuyo motsika kuti nsapato isamatigunde. Ndipo majaki, polowetsa chingwe paja, anawamanga ndi nati ku bokosi. Zotchipa zambiri jaki imangowotchereredwa pa bolodi yam'kati, ndiye munthu wa kwaya akangokodwa pa chingwe, mtovu uja umasweka. Kenako phokoso la thethethe pakati pa nyimbo, abusa n'kumakuyang'anani ngati mwachita dala.

Apa ndidandaulekonso za makomiti a kutchalitchi. Ndalama yogulira masipika aakulu ngati mawadirobu imapezeka, koma mukapempha yogulira zingwe zabwino ndi kabokosi kosungiramo zida amati tikambirana mwezi wamawa. Ndiye zida zimaponyedwa m'thumba la saka, kuseli kwa pikapu, sipika n'kukhala pamwamba pake. Tsikani nazo msewu wa Khwekhwelele kupita ku Golomoti, mukafika kumunsi muone ngati timabatani tonse tilipo. Ndipo kubwereketsa! Pedal imachoka Lachisanu ili bwino, imabwera Lolemba ikumata Fanta, wobwerekayo n'kumati "inali choncho kale". Ine ndinasiya kubwereketsa, anthu anene zimene anganene.

Fumbi ndi mame

Mwezi wa Okutobala pa misonkhano ya panja fumbi limalowa m'timabatani, ndipo mukamapotokola mumamva kukhwekhwereza. Pamafunika mankhwala opopera otsukira zamagetsi, osati oilo wa makina osokera, amene amangomata fumbilo. Pa mapemphero ochezera usiku wonse mdani ndi mame. Pedal ikagona pa udzu mpaka mbandakucha, majaki amachita dzimbiri. Kathabwa kokha pansi pake n'kokwanira. Mukamaliza kuimba zulani chingwe cha ku input, chochokera ku gitala chija, chifukwa chikakhalamo batire limangodyeka ngakhale kagetsi katazima. Ndipo ngati simuigwiritsa ntchito kwa nthawi, chotsanimo batire lisanadonthe.

Sindikunena kuti zapulasitiki zilibe ntchito. Zina za kampani ya Zoom zimayendera mabatire a AA, zimakhala ndi chochunira gitala momwemo, ndipo kwa munthu woimba m'tchalitchi chimodzi, zida zosayenda, zitha kukhala zaka. Koma inu mwalemba kuti mumayenda m'maukwati mpaka ku Tsangano, zida zili pa njinga yamoto. Tengani Boss yakaleyo. Musanalipire, iyeseni ndi gitala yanu, gwedezani chingwe pa majaki onse awiri, pondani kangapo muone ngati ikuyaka nthawi iliyonse, ndipo tsegulani mokhala batire muone ngati simunachite zoyera za asidi. Ndalama yotsalayo mugulire adaputa yake yeniyeni, muilembe dzina lanu ndi penti.