Kodi mnzanu akakutembenukirani mu Europa Universalis IV, wachita chinyengo?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mmodzi mwa owerenga, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuiyankha poyera chifukwa nkhani yake yadanitsa magulu ambiri a anthu osewera limodzi. Mwachidule, iye ndi anzake 7 amakumana pa Discord, pulogalamu yolankhulirana pa intaneti, Loweruka lililonse madzulo kusewera Europa Universalis IV, masewera a pa kompyuta amene kampani ya Paradox ya ku Sweden inatulutsa mu 2013, momwe wosewera aliyense amalamulira dziko limodzi la m'mbiri yakale. Iye anatenga dziko la Austria, mnzake wa kuubwana anatenga Poland, ndipo kwa zaka zoposa 100 za m'masewerawo awiriwa anali pa mgwirizano wolimbana ndi ufumu wa Ottoman wa anthu a ku Turkey. Mdaniyo atangofooka, mnzake uja anathetsa mgwirizanowo, anagwirizana ndi wosewera France, ndipo onse awiri anathira nkhondo Austria n'kulanda zigawo zake zambiri. Funso lake linali lakuti: "Kodi chimenechi si chinyengo? Nanga ndikulakwa ngati ndatsimikiza mumtima kuti tikadzayamba masewera atsopano ndidzamusaka kuyambira tsiku loyamba?"

Achimwene, ndikumvetsa kuwawa kwa mtima wanu, pakuti dziko limene mwalimanga kwa masabata ambiri, mukugona mochedwa ndi kugula mabandulo, silikhalanso chithunzi chabe cha pa kompyuta. Komabe yankho langa ndi lakuti mnzanuyo sanachite chinyengo, ndipo kubwezera kumene mukukonzekerako mukufuna kukuchitira pamalo polakwika. Malo ake oyenera ndi m'masewera omwe muli nawo panopa.

Tiyambe ndi chimene chinakulumikizani. Masewerawa amayamba pa 11 Novembala 1444, tsiku lotsatira nkhondo ya ku Varna, kumene asilikali a Ottoman anagonjetsa gulu la mayiko achikhristu ndi kupha Władysław III, yemwe anali mfumu ya Poland ndi Hungary. Ndiye kuti kuyambira pa tsiku loyamba, wosewera Austria ndi wosewera Poland amakhala ndi mantha amodzi, ndipo mantha amenewo ndiwo anali mzati wa mgwirizano wanu. Tsiku limene munathyola msana wa Ottoman, munagwetsanso mzatiwo ndi manja anu. Chimene chinatsala pakati panu ndi Hungary, Bohemia ndi Silesia, malo olemera amene aliyense wa inu amawafuna kuti akule. Akuluakulu amati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera, ndipo m'masewera a mtundu umenewu mwambiwu sumanyoza munthu ayi, umangofotokoza mmene mapu aliri.

Ndikuganiza kuti chimene chimatisocheretsa ambiri ndi chakuti tinaphunzira ukazembe posewera ndi kompyuta. Dziko loyendetsedwa ndi kompyuta limakuonetsani mtima wake wonse m'manambala: maganizo ake pa inu amayenda pakati pa -200 ndi +200, mumaona mmene likukukhulupirirani, ndipo mukalanda malo ambiri mumaona aggressive expansion, nambala yoonetsa mmene mayiko ena akuipidwira ndi kulanda kwanu, ikukwera, n'kudziwa kuti ikafika pa 50 mayiko oyandikana nanu akhoza kupanga coalition, gulu logwirizana kulimbana nanu. Munthu amene wazolowera zimenezi amayamba kuganiza kuti mgwirizano ndi chinthu chimene umagula kamodzi n'kusunga m'thumba. Koma anthu sayembekeza nambala ifike pa 50. Wosewera mnzanu amatsegula ledger, buku la ziwerengero za mayiko onse, amaona ndalama zimene mukulowetsa pamwezi, kuchuluka kwa asilikali anu ndi amuna otsala oti alowe usilikali, kenako amadzifunsa kuti pakatha zaka 30 dziko lake lidzakhala pati ngati inu mupitiriza kukula chomwecho. Coalition ya anthu imabadwira m'chipinda china cha Discord chimene inu simunaitanidwemo, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chimene chimatuluka pa sikirini yanu.

Ngakhale masewera enieniwo amakukakamizani kukhala ndi adani. Dziko lalikulu limasankha ma rival, mayiko opikisana nalo, mpaka 3, ndipo kuwalanda malo, kuwatsekera malonda kapena kuwanyoza kumakweza power projection, nambala yoonetsa mmene mukuwaposera, imene ikakwera bwino imakupatsani mphamvu zowonjezera mwezi uliwonse. Ottoman akafooka kwambiri amasiya kukhala woyenera pa mndandanda umenewo, ndipo Poland ayenera kupeza wina wofanana naye msinkhu. Mukayang'ana mapu a nthawi imeneyo moona mtima, mupeza kuti wina ameneyo munali inu.

Opanga masewerawa sanangopeka khalidweli, analitenga m'mbiri ya nthawi yomweyo. Mu 1508 Papa Julius II, mfumu ya France, mfumu Maximilian ya banja la Habsburg lolamulira Austria ndi Ferdinand wa ku Aragon anapanga mgwirizano wa Cambrai wolimbana ndi Venice, ndipo mu 1509 Venice inagonjetsedwa koopsa ku Agnadello. Pasanathe zaka ziwiri Papa anaona kuti woopsa weniweni ku Italy tsopano ndi France, choncho anayanjana ndi Venice yomweyo, ndipo mu 1511 anapanga mgwirizano wina wothamangitsa France. Pofika 1513 Venice inali itasamukira kumbali ya France. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anasintha chikhalidwe chake m'zaka zisanu zimenezo. Chimene chinkasintha ndi dzina la amene wakula kwambiri. Francis I wa France, mfumu yachikatolika, anagwirizana ndi Suleiman wa Ottoman mu 1536 pofuna kupanikiza a Habsburg, mpaka zombo za Ottoman zinakhala pa doko la Toulon nyengo yozizira ya 1543 kulowa 1544. Ndipo mu 1756 Austria yomwe mukusewerayo inasiya Britain n'kugwirana manja ndi France, mdani wake wa zaka zoposa 200, chifukwa inkafuna kulanda Silesia m'manja mwa Prussia.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa. Mwanena kuti mnzanuyo anayamba wathetsa mgwirizano. M'masewerawa, wothetsa mgwirizano amamangidwa ndi truce ya zaka 5, nthawi imene sayenera kuthira nkhondo mnzake uja, ndipo akaiphwanya dziko lake limagwedezeka kwambiri. Ndiye kuti, ngati anadikira monga ambiri amachitira, munapatsidwa zaka 5 za chenjezo. Funso lopweteka koma lothandiza ndi lakuti munazigwiritsa ntchito bwanji.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikirapo. Nthawi ina ndinkasewera Venice, ndipo mnzanga amene anali ndi Austria anali bwenzi langa kuyambira pachiyambi. Malonda anali kuyenda bwino, ndipo maso anga onse anali pa zombo ndi pa ndalama. Usiku wina titaima kaye kuti anthu akamwe madzi, ndinaona pa Discord kuti dzina lake lachoka m'chipinda chathu chachikulu ndipo lili m'kachipinda kena pamodzi ndi wosewera France ndi wosewera Ottoman. Anakhalamo mphindi zochepa chabe, ndipo atabwerera anandifunsa mwaulemu za mtengo wa nsalu ngati palibe chachitika. Titayambanso, ndinaona linga latsopano likumangidwa ku Tirol, kumalire ndi ine, kumene kunalibe mdani wina aliyense. Kenako anandipempha ngongole yaikulu, ine n'kumupatsa. Zizindikiro zonse zitatu ndinaziona ndi maso anga, koma ndinazikana chifukwa ndinkaganiza za munthuyo monga mnzanga amene timadyera limodzi, osati monga Austria imene ilibe doko labwino pomwe ine ndakhala pakhomo pa nyanja. Nkhondo itabwera ndinakwiya masiku angapo, koma nditakhala pansi ndinavomereza kuti iye anasewera dziko lake bwino kuposa mmene ine ndinasewerera langa.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse n'chololedwa. Chinyengo chenicheni chilipo, ndipo malire ake ndi awa: bodza limene Poland yanena kwa Austria ndi gawo la masewera, koma bodza limene munthu wanena kwa munthu mnzake pa zinthu za kunja kwa masewera ndi kuipa mtima. Ngati gulu lanu linagwirizana malamulo musanayambe, monga akuti palibe kuphwanya truce, kapena akuti palibe kulanda malo opitirira muyeso wakuti pa nkhondo imodzi, wophwanya malamulowo wachita chinyengo. Wothira nkhondo mnzake pamene magetsi amuzimira ndipo dziko lake likuyendetsedwa ndi kompyuta wachita chinthu chochititsa manyazi, ngakhale lamulo lisanalembedwe. Chimodzimodzi amene amanamizira kuti intaneti yaduka pamene akugonja pofuna kuti mubwerere pa save yakale, pomwe masewerawo anasungidwa zinthu zisanamuipire, kapena amene amauza mdani wanu zimene anaona pa kompyuta yanu atabwera kudzacheza kwanu. Choncho dzifunseni kuti mnzanuyo analonjeza chiyani ndiponso analonjeza monga ndani. Ngati anakuyimbirani foni pakati pa sabata n'kulumbira pa ubwenzi wanu kuti sadzakuukirani, pamenepo muli ndi mlandu woti mukambirane ngati anthu akuluakulu, chifukwa anatenga chinthu cha mtengo wapatali n'kuchigwiritsa ntchito ngati chida. Koma ngati ankangoti "Poland ili nanu", analankhula monga mfumu, ndipo mawu a mfumu amatha pamene zofuna za dziko lake zasintha.

Musaganizenso kuti wapita osalipira. M'gulu la anthu 8 amene amasewera limodzi chaka ndi chaka, chuma chachikulu kuposa golide ndi mbiri ya munthu, ndipo chumachi sichibwerera pa ziro masewera atsopano akayamba. Onse anaona zimene anachita, ndipo wosewera France amene akusekerera naye lero akudziwa bwino kuti mawa zikhoza kumugwera iyeyo. Kukumbukira zimenezi n'kuchenjera naye mtsogolo ndi nzeru, ndipo palibe angakudzudzuleni mukadzamupempha chikole chooneka musanagwirizane naye. Koma kulowa m'masewera atsopano mutatsimikiza kale kumuwononga, kaya iye ali ku Portugal inu muli ku Muscovy, dziko la ku Russia, n'kulanga anthu 6 amene sanakulakwireni. Dziko lanu limasiya kutsata zofuna zake, anzanu sangathenso kukambirana nanu chifukwa palibe chimene angakupatseni choposa mkwiyo wanu, ndipo amene amapindula ndi wachitatu amene akukula mwakachetechete inu awiri mukuthana. Magulu amene ndinawaona akutha sanathe chifukwa cha kutembenukirana, anatha chifukwa cha chidani chosamuka kuchoka m'masewera ena kulowa m'masewera ena.

Tsono Loweruka likubwerali muli ndi ntchito yambiri. Austria yogonja imakhalabe ndi zida zimene mayiko ena alibe. Ngati mpando wa Holy Roman Empire, ufumu wa mayiko ambiri a ku Germany ndi madera oyandikana nawo, udakali m'manja mwanu, samalani ma elector 7, mayiko amene amasankha wokhala pa mpandowo, kuposa china chilichonse, chifukwa mpando umenewo umakupatsani asilikali owonjezera ndi chifukwa chomveka cholowerera France akakhudza mayiko a mu ufumuwo. Gwiritsani ntchito zaka za truce kubweza ngongole, kudzaza asilikali ndi kumanga malinga m'mapiri. Koposa zonse, lankhulani ndi anthu. France ndi Poland tsopano ndiwo akuluakulu pa mapu, ndipo mantha amene kale ankaloza kwa inu asamukira kwa iwo. Wosewera Muscovy ali ndi malire aatali ndi Poland, wosewera England ndi wosewera Spain sangakondwere ndi France yonenepa, ndipo musapite kwa iwo ndi madandaulo a mmene munalakwiridwira, koma muwaonetse pa mapu chigawo chimene aliyense adzapeze. Pomaliza, lembani uthenga kwa wosewera Ottoman, yemwe munamugonjetsa uja. Iye wataya malo kwa Poland monga inu, wakhala masabata angapo wopanda womuyankhula, ndipo ndikukhulupirira kuti uthenga wanu auyankha msanga kuposa onsewo.