Kodi mankhwala a matenda okhumudwa amachitanji mu ubongo?

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Amuna awo anapatsidwa amitriptyline, mankhwala a matenda okhumudwa, kuchipatala. Amwa masiku 10, koma akungogona, kukamwa kukuuma, mtima sunapepuke. Achibale akuti asiye, ati ndi mankhwala a amisala. Mayiwa akufunsa kuti mapiritsiwa akuchitanji m'mutu.

Amayi, masiku 10 ndi ochepa kwambiri. Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi monga serotonin ndi noradrenaline. Selo likatulutsa timadziti, limatiyamwanso posakhalitsa. Amitriptyline amatchinga kuyamwako, ndiye timadzi timakhalitsa pakati pa maselo. Fluoxetine, mankhwala enanso a matendawa, amachita chimodzimodzi, koma makamaka pa serotonin. Kutchingako kumayamba m'maola ochepa, pamene mtima umayamba kupepuka pakapita masabata 2 mpaka 6, chifukwa ubongo umasintha pang'onopang'ono momwe maselo ake amalandirira mauthenga. Kawirikawiri tulo ndi chilakolako cha chakudya zimakhazikika poyamba, chimwemwe chimabwera pambuyo.

Pali chinthu chimene chimandivuta. Ambiri timauzidwa kuti kukhumudwa ndi kuchepa kwa serotonin basi. Mu 2022 Joanna Moncrieff, dokotala wa matenda a maganizo, ndi anzake ku London anaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo sanapeze umboni wokwanira wa zimenezo. Komatu mankhwalawa amathandizadi anthu ambiri, makamaka odwala kwambiri. Panado amaletsa mutu, ngakhale mutuwo sunawawe chifukwa chosowa Panado m'thupi. Matendawa ali ndi mizu yambiri: chibadwa, maliro, katapila, ntchito yotha, matenda okhalitsa. Choncho amuna anu akufunikanso munthu wowamvetsera, ndipo funsani kuchipatala za uphungu.

Tulo ndi kuuma kukamwa ndi zodziwika pa amitriptyline, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Zikanyanya, bwererani kwa adokotala akasinthe mlingo kapena mtundu. Asasiye okha mwadzidzidzi. Ngakhale atachira, apitirize miyezi 6 kapena kuposerapo, apo ayi matenda akhoza kubwerera.

Mapiritsiwo sungani inuyo, muziwapatsa a tsiku limenelo okha, chifukwa amitriptyline womwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima. Akayamba kulankhula zoti atopa ndi moyo, musadikire tsiku limene anauzidwa kubwerera kuchipatala. Pitani nawo tsiku lomwelo ku Zomba Central kapena ku Zomba Mental Hospital, ndipo usiku musawasiye okha.