Yankho la malume pa za kompyuta ya magemu ija

Achemwali, mwaswera bwanji ku Moatize kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ndi kasitomala pa shopu pano. Uthenga wanu ndaumvera kawiri. Mwati mnyamata wasunga mametikali 40,000, ina ya maganyu ake, ina ya mbatata imene agogo ake anamugawira ku Ulongwe, ndipo akufuna kulumikiza yekha kompyuta yoseweretsa magemu. Mukufunsa ngati kumeneku si kutaya ndalama m'madzi. Ayi, si kutaya. Mwana amene akufuna kugwira sikuludilaiva n'kudziwa zimene zili m'kati mwa makina, ameneyo musamugwetse ulesi. Inenso ntchito imene ikundidyetsa lero ndinaiyamba choncho. Koma mndandanda umene walembawo ndauona, ndipo pali zoti tikonze asanatulutse ngakhale metikali imodzi. Iwe mphwanga, ndikudziwa uli pomwepo, sendera pafupi ndi foni ya mayi ako.

Ndiyambe ndi chimene wachiika pansi penipeni pa mndandanda, power supply, kuno timangoti fonte. Walemba kuti "iliyonse yotchipa". Apa ndiye ndakana kwamtuwagalu. Kabokosi kameneko ndi kamene kamalandira magetsi a 220 volts ochokera pakhoma n'kuwasandutsa 12, 5 ndi 3.3 volts amene zida zonse zimadya. Kakalakwitsa, sikafa kokha, kamapita ndi anzake. Ine zinandichitikira. Ndinagula fonte yopanda dzina pa shopu ina, pabokosi atalemba manambala akuluakulu, koma poinyamula inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Usiku wina wa Januwale, mvula ikugwa, magetsi anaphethira kamodzi kokha, ndinangomva "thu!" kenako fungo la pulasitiki yopsa. M'mawa nditatsegula ndinapeza motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, yada pakona ngati chikuni. Ndalama ya miyezi inayi inathera pomwepo. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umandiwawa.

Ndiye iwe upeze ya 550 watts, ya kampani yodziwika ngati Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze. Chizindikirocho chimangonena kuti siwononga magetsi ambiri powasandutsa kutentha, sichilonjeza zonse, n'chifukwa chake ndikuti uyang'anenso dzina. Uinyamule m'manja, yabwino imalemera. Ndipo fonte usagule yakale, mwamva achemwali? China chilichonse tikhoza kukambirana, koma ichi chikhale chatsopano. Ikatsala ndalama, ugule UPS, kabokosi ka batire kamene kamasunga kompyuta ili yoyaka kwa kanthawi magetsi akazima. Pogula UPS usatengeke ndi nambala ya VA, funsa ma watts, chifukwa yolembedwa 1000VA nthawi zambiri imanyamula ma watts pafupifupi 600 basi. Ngakhale tili m'chigawo cha damu la Cahora Bassa, mphezi ya Disembala mpaka Malichi sisankha nyumba. Kukayamba kugunda, zimitsa, zula pulagi pakhoma.

Tsopano kumene ndalama yambiri iyenera kupita: graphics card, plaka ya zithunzi ija. Iwe wasankha purosesa, ubongo wa kompyuta, yodula kwambiri kenako plaka yaing'ono. Watembenuza. Pa magemu, amene amasenza katundu wolemera ndi plaka. Zili ngati kugula ngolo yatsopano yokongola n'kumangirira kamwana ka ng'ombe. Ine ndikanakhala iwe, pafupifupi theka la ndalamayo ndikanaika pamenepo. Ukapeza Radeon RX 6600, tenga. Inatuluka mu 2021, ili ndi 8GB, imadya ma watts 132 okha, ndipo pa 1080p, zithunzi za Full HD zija, imayendetsa bwino mpira wako uja wa FC, GTA V, Fortnite, zonsezo. Kudya magetsi ochepa kuli ndi phindu pawiri: Credelec ya mayi ako, mita ya magetsi olipiriratu ija, sithamanga, komanso makina satentha kwambiri. Ikapanda kukwanira m'thumba, GTX 1660 Super ya 2019, ya 6GB, ikadali ndi mphamvu zake.

Pali ina imene uidzaione paliponse pa Facebook pa mtengo wokopa, RX 580 ya 8GB. Ndi plaka yabwino pa nthawi yake, koma ndi ya 2017, imadya ma watts 185, ndipo zambiri zinagwira ntchito usana ndi usiku kwa anthu okumba ndalama za pa intaneti zija. Sindikuti zonse n'zakufa. Ndikuti plaka yakale iliyonse, wogulitsa aiike m'makina iwe ukuona. Mutsegule pulogalamu ya GPU-Z kuti uone ngati dzina la pabokosi ndi lomwelo la m'kati, chifukwa ziliko zachinyengo zosinthidwa dzina. Kenako gemu iyende theka la ola. Yang'ana ngati pagalasi pakubwera timizere kapena timadontho, mvetsera mafani ngati akukhuluza, ona kutentha. Akakana kuyesa, tsanzika. Ndipo usatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu amene katundu wake sunamugwire ndi manja ako. Anyamata angapo abwera pa shopu pano misozi ili m'maso chifukwa cha zimenezo.

Purosesa, Ryzen 5 5600 yakwana. Ili ndi ma core 6, imadya ma watts 65, ndipo ikakhala yatsopano m'bokosi imabwera ndi fani yake, ndiye sugulanso china. Socket yake, malo amene imakhala pa motherboard, ndi ya AM4, imene yakhalapo zaka zambiri, n'chifukwa chake zida zake sizivuta kupeza. Motherboard ikhale B450 kapena B550. Ukatenga B450, funsa ngati BIOS yake, kapulogalamu ka pa motherboard koyambitsa makina, inakonzedwa kale kuti ilandire ma Ryzen 5000, apo ayi udzalumikiza zonse bwinobwino, n'kudina batani, galasi lili bii, iwe n'kumaganiza kuti wawononga.

Imva bwino apa, pali kachilembo kamodzi kamene kamasokoneza anthu. Pali 5600 ndi 5600G. Ya G ili ndi zithunzi zake m'kati, imatha kuyenda popanda plaka. Yopanda G, popanda plaka sikuonetsa kalikonse. Kwa Intel n'chimodzimodzi ndi zothera ndi F, monga i3-12100F, zimenezo zimafuna plaka. Ndiye ngati ndalama yaperewera, njira ina ndi iyi: gula 5600G, uyambe kusewera magemu opepuka utatsitsa ma setting, plaka udzawonjezere ukakolola chaka chamawa. Imachepa mphamvu pang'ono poyerekeza ndi inzakeyo ukadzaika plaka, koma si zoti n'kudandaula nazo.

RAM, pamene kompyuta imasunga zimene ikugwira nthawi yomweyo, walemba kamodzi ka 16GB. Sintha, tenga tiwiri ta 8GB, DDR4 3200. Tikakhala tiwiri timagwira ntchito ngati msewu wa mbali ziwiri, ndipo ukapita njira ya 5600G ija kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Pa motherboard ya mipata inayi, kawirikawiri umaika pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, koma uwerenge kabuku kake.

Chosungira, SSD ya NVMe, 500GB poyambira, 1TB ngati zatheka. Magemu a masiku ano ena amadutsa 100GB imodzi yokha. Zotsitsa pa intaneti usathere ma mega a mayi ako, udzachitira kuno.

Bokosi lija lagalasi kutsogolo ndi magetsi amitundumitundu, ndikudziwa ndi limene lakukopa mtima, ndipo ndi lokongoladi. Koma amene analipanga sankaganiza za Moatize. Kukanakhala kwa agogo ku Angónia, kumene Juni amafuna bulangete ziwiri, ndikanangoti tenga. Kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, nyumba ya malata masana ili ngati uvuni, ndiye pamwamba pake fumbi. Achemwali inu mukudziwa mmene pawindo pamadera mukangopukuta m'mawa. Sabata yatha ndinatsegula makina a munthu wina wa kwanuko, fani ya purosesa inali itamatidwa ndi fumbi lakuda la malasha, lolimba ngati dothi la chulu, ndinachita kukokota ndi kamtengo. Mwini wake ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani ikuzima yokha pakati pa gemu. Imazima dala podziteteza kuti isapse. Ndiye iwe upeze bokosi lokhala ndi sefa kutsogolo, lolowetsa mpweya, mafani awiri olowetsa kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo. Uliike patebulo, osati pansi, osatinso kuligunditsa kukhoma. Mwezi ndi mwezi ulitulutse panja, uchotse fumbi ndi blower, chala chili pa fani kuti isazungulire mopenga. Ukamaliza kusewera, ikazizira, liphimbe ndi chitenje.

Eya, ndaonanso kuti pa mndandanda palibe monitor, keyboard ndi mouse. Zimenezonso ndi ndalama. Poyamba gwiritsa TV ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI, ngati mayi ako alola, achemwali apo ndasiyira inu. Keyboard ndi mouse ndili nazo pano zogwira bwino, ndikupatsa. Windows uike 11, chifukwa 10 anasiya kuisamalira mu Okutobala 2025, ndipo zida ndatchulazi zonse zimailandira.

Kogula. Zina zimapezeka mu Tete momwemuno, koma plaka ndi purosesa nthawi zambiri timaitanitsa ku Maputo kapena kwa anthu obwera kuchokera ku Johannesburg. Ena amadutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre poti ndi pafupi, koma uwerengere thiransipoti, kusintha ndalama ndi msonkho wa pachipata usananene kuti watchipitsa. Kulikonse, lisiti ndi garantiya zilembedwe papepala. Ndipo usagule kamodzikamodzi, mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho. Ukatero chida choyamba chimakhala m'kabati osayesedwa, podzazindikira kuti n'chakufa nthawi yobweza inadutsa kalekale. Ndalama ikhale kwa mayi ako mpaka titapeza zonse, tigule sabata imodzi.

Loweruka likubwerali ukwere chapa, minibasi ija, m'mawa, utsike pa Matundo, ubwere ndi mndandanda wakowo ndi cholembera. Tiimbira anthu anga awiri atatu timve mitengo ya sabata ino, tiwerengere limodzi. Tsiku lolumikiza ine ndidzangokhala pambali, purosesa udzaika wekha ndi manja ako, ndidzangokuonetsa kakona katatu kagolide kamene kamalozera mbali yoyenera, chifukwa timapini take tikapindika ndi nkhani ina. Achemwali, mupereke moni kwa alamu. Kwabwera munthu ndi printer pano, ndiimbanso madzulo.