Kodi ndi maginito amaphulitsa nyenyezi zikuluzikulu?

Achimwene mwafunsa ngati maginito ndi amene amaphulitsa nyenyezi ikamagwera mkati, komanso kuti resistivity ikulowa pati. Nyenyezi zambiri ayi, maginito amangothandizira basi. Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa ka 8 ikamaliza kuyaka pakati pake pamatsala ayironi, ndiye ayironi satulutsanso mphamvu, pakatipo pamangotitimira sekondi isanathe nkomwe, nkusanduka nyenyezi ya neutron, kampira kothinana kwambiri. Zinthu zogwazo zikagunda kampirako pamabadwa funde lobwerera kunja, koma limaima panjira, amalidzutsa kuti liphulitse nyenyeziyo ndi ma neutrino, tinthu ting'onoting'ono kwambiri totuluka pakatipo, omwe amatenga pafupifupi 99% ya mphamvu yonse. Mu 1987 pa kuphulika kwa nyenyezi kotchedwa SN 1987A makina a Kamiokande ku Japan anawagwiradi ma neutrino amenewa.

Koma nyenyezi ikakhala yozungulira mothamanga kwambiri nkhani imasintha, ndipo apa mpamene ine zimandisangalatsa. Pakati pakafinyika mizere ya maginito imafinyikira limodzi nkukula mphamvu, kenako poti mkati mukuzungulira msanga kuposa kunja mizere ija imapotana ngati chingwe, kuonjezera apo pali chisokonezo china amachitcha MRI (magnetorotational instability, osati MRI ya kuchipatala), anachifotokoza bwino asayansi Balbus ndi Hawley mu 1991, chimakulitsa maginito mwachangu zedi. Zikafika apo maginito amaba mphamvu ya kuzungulira kuja nkuponya zinthu kunja ngati ma jet awiri, mitsinje iwiri yothamanga zedi, kumwamba ndi pansi. Asayansi LeBlanc ndi Wilson anazionetsa kale pa kompyuta mu 1970. Chotsalacho chimatha kukhala magnetar, nyenyezi ya neutron ya maginito amphamvu zedi, 10^14 mpaka 10^15 gauss (muyeso wa mphamvu ya maginito), pomwe a dziko lathuli safika ndi gauss imodzi yomwe.

Tsono resistivity ndi kukana kwa chinthu kuti magetsi adutsemo. Ikakhala yochepa mizere ya maginito imamatirira ku plasma, mpweya wotentha kwambiri wa mkati mwa nyenyezi, komwe plasma yapita nayonso ili konko. Ikakwera mizere imayamba kutayirira, kuduka nkulumikizana mwina, mphamvu yake nkusanduka kutentha, ndiye kupotana kuja sikufika patali ndipo ma jet amafooka. Plasma ya mkatimo imadutsitsa magetsi bwino kwambiri moti resistivity yake yeniyeni ndi yochepetsetsa, koma chipwirikiti cha mkatimo chimasakaniza mizere ngati kuti resistivity yakwera. China chomwe anthu amaiwala, kompyuta ikamayerekezera kuphulikaku (simulation) nayo imalowetsa resistivity yabodza chifukwa imagawa nyenyezi m'timabokosi, timabokosi tikakula maginito amasungunuka okha. Ndiye mukaona vidiyo ya simulation yoonetsa kuphulika kofooka, kaye funsani kuti timabokosi take tinali tating'ono bwanji musanakhulupirire kuti maginito alibe ntchito.