Ana 112 m'kalasi imodzi: mungamudziwe bwanji mwana aliyense?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 3 pasukulu ina ya boma kuno ku Lilongwe watilembera imelo. Akuti ali ndi ana 112, ambiri amakhala pansi, ndipo akapita kumaphunziro ku TDC (malo amene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakasulidwirako) amauzidwa kuti azithandiza mwana aliyense malinga ndi zosowa zake. Funso lake ndi ili: "Ndingathe bwanji ndili ndekha, silabasi ikundithamangitsa? Ena akuwerenga bwinobwino, ena lembo la b salidziwa n'komwe. Kodi zimenezi si za sukulu za pulayiveti?"

Madamu, dandaulo lanu ndi lomveka. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, inu mwasenza pafupifupi makalasi awiri. Kuchulukana kumeneku kunakula mu 1994 pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirepo mpaka lero. Kukonzera mwana aliyense phunziro lakelake simungathe, musadzivutitse nazo. Chimene mungathe n'kudziwa pamene mwana aliyense waima, ndipo zina zonse zimayambira pamenepo.

Yambani ndi kuwayesa mmodzimmodzi. Dulani katoni mupange makhadi 4: la malembo 10, la maphatikizo 10 monga ba, ko, mu, nya, la mawu 10, ndi la kandime ka ziganizo 4. Mawuwo musawatenge mundondomeko ya m'buku, chifukwa ana ambiri analoweza masamba onse pobwereza pamodzi ndi anzawo. Mwana amatha "kuwerenga" tsamba lonse maso ali padenga. Poyesa, yambani ndi khadi la mawu. Akakhoza mawu 8 mwa 10, mpatseni kandime. Akalephera, tsikirani ku maphatikizo, kenako ku malembo. Mwana mmodzi satha mphindi zoposa 2. Mukamayesa ana 10 patsiku, enawo akulemba ntchito, masiku 12 mwamaliza kalasi yonse.

Muitanireni patebulo panu, osati kumuimika kutsogolo. Mwana woimikidwa pamaso pa anzake 111 amanjenjemera, n'kulephera ngakhale zimene akudziwa, ndiye mumayesa mantha ake osati nzeru zake. Ndipo musamuuze kuti walakwa. Ingonenani kuti zikomo, kakhale.

Gulani kope la masamba 80 likhale la ntchitoyi basi. Mwana aliyense mzere wake: dzina, zaka, khadi limene wakhoza, ndi danga lalikulu lolembamo zimene mwaona. Danga limeneli ndi lofunika kuposa malikisi. Mulembemo zinthu monga "amatsinzina diso akamayang'ana pabolodi", "sabwera Lolemba", "amakhala ndi agogo", "amasokoneza b ndi d". Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wophokosera mumamudziwa sabata yoyamba. Amene amatayika ndi uja wofatsa wokhala pakona, woloza ndi chala pamene anzake akuloza, milomo ikugwedezeka koma liwu osatuluka. Ameneyo akhoza kufika Sitandade 5 asanawerengepo liwu limodzi payekha.

Mukamaliza kuyesa mupeza magulu 4. Muwapatse mayina osasonyeza wanzeru ndi wotsalira, kaya Mulanje, Dedza, Zomba ndi Nyika. Pemphani ahedi mphindi 30 katatu pasabata, kapena gwiritsani nthawi yobwereza. Nthawi imeneyo mwana aliyense aphunzire zogwirizana ndi pamene ali, osati ndi kalasi imene dzina lake lalembedwa. Njirayi si yachilendo: bungwe la Pratham la ku India ndilo linaitchukitsa, ndipo mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, akuigwiritsa ntchito m'sukulu za boma zodzaza ngati yanu.

Inuyo mukhale ndi gulu la malembo, chifukwa ndilo silingayende lokha. Malembo 2 kapena 3 pasabata akwana. Anene liwu la lembolo, alilembe ndi chala pamchenga, alipeze pa zitsekerero za mabotolo zimene mwalembapo malembo. Gulu la maphatikizo lilumikize timakatoni: "ma" ndi "dzi" apange madzi, "ga" ndi "lu" apange galu. Odziwa mawu awerengerane awiriawiri. Owerenga ndime alembe nkhani zawo za ziganizo 5, za msika wa Tsoka kapena za kabaza, ndipo nkhani zimenezo zidzakhala zowerenga za gulu lapansi pawo. Gulu likapitirira ana 10, ligaweni m'timagulu, chifukwa pa ana 30 ozungulira khadi limodzi ogwira ntchito amakhala 5 okha.

Zimene zimawononga njirayi ndi ziwiri. Choyamba, magulu amasanduka mudzi wokhazikika. Mwana akakhala pa Mulanje teremu yonse, iye ndi anzake amadziwa tanthauzo lake ngakhale dzinalo likhale lokoma chotani. Muziyesanso pakatha masabata 5 kapena 6, ndipo wokhoza asamuke tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi atsogoleri a timagulu. Mukangomupatsa mwana udindo osamuonetsa chochita, amatola kamtengo n'kuyamba kukwapula anzake potengera zimene anaona kwa akuluakulu. Muwasonkhanitse mphindi 10 kaye, muwaonetse kufunsa, kudikira yankho, ndi kubwereza osakalipa. Muziwasinthanso, poti nawonso anabwera kudzaphunzira.

Tsopano bwererani kukope lija. Ena mwa ana otchedwa mbuli vuto lawo lili m'maso kapena m'makutu. Lembani malembo pabolodi kukula kwake monga mwa masiku onse, muimike mwanayo kumbuyo kwa kalasi, aphimbe diso limodzi ndi dzanja, kenako linalo. Wosadziwa malembo mujambulireni mivi aziloza kumene yayang'ana. Za makutu, imani kumbuyo kwake mutchule dzina lake motsitsa mawu, ndipo muone ngati khutu likutuluka mafinya. Mukakayikira, lemberani makolo kakalata kuti apite naye kuchipatala chapafupi. Za maso, ku Kamuzu Central kuli chipatala chake. Podikira, akhale kutsogolo, ndipo polankhula muzimuyang'ana. Mwana wa khungu lachialubino nthawi zambiri saona patali ndipo kuwala kumamupweteka: akhale pafupi ndi bolodi, mumulembere malembo akuluakulu, mumulole chipewa, ndipo ngati kalasi ili panja akhale pamthunzi. Wamanzere musamukakamize kulembera kumanja, ingomuikani kumapeto kwa mzere kuti chigongono chisagundane ndi cha mnzake. Pa zimene zakukulirani, funsani a PEA, alangizi a zamaphunziro oyendera sukulu za pulayimale, ngati muzoni yanu muli mphunzitsi wa ana olumala, aja amaphunzira kukoleji ya Montfort ku Chiradzulu, kuti adzamuone mwanayo.

Za kujomba musayambe ndi chilango. Onani murejisitala masiku amene mwanayo amasowa. Wosowa tsiku lomwelomwelo sabata ndi sabata amakhala akutumidwa kumsika kapena kulera mng'ono wake. Woodzera isanakwane 9 koloko mwina wabwera osadya kanthu. Kumukwapula kapena kumutuma kukatchetcha anzake akuphunzira kumangomuchotsera phunziro lina. Mayina a ana otere muwapereke kwa amayi a mother group (gulu la amayi a m'dera lothandiza kuti ana asasiye sukulu), iwo amadziwa makomo ndipo amalankhula ndi makolo mwa njira imene kalata ya sukulu singathe. Mukaitana kholo, yambani ndi chimene mwana wake wakhoza, chifukwa makolo ambiri anazolowera kuitanidwa pa mlandu pokha.

Za silabasi, kambiranani ndi ahedi musanayambe, muwaonetse kopelo ndi manambala ake. Akaona okha kuchuluka kwa ana osawerenga, mphindi 90 pasabata sazikana, ndipo a PEA akabwera adzapeza umboni wa chimene mukuchita. Chaka chikatha, kopelo musapite nalo kunyumba. Mulipereke kwa mphunzitsi wa Sitandade 4, mukhale naye pansi ola limodzi, mumutchulire ana 10 amene ayenera kuwayang'anitsitsa kuyambira sabata yoyamba.